Musanavuule namasupuni padamu, tamvani za sargassum

Kuno kum'mawa kwa Zambia nyanja yamchere timangoimva. Yoyandikana nafe ili ku Mozambique, ku Beira kapena ku Nacala, ulendo wa makilomita mazanamazana. Komabe aliyense amene ali ndi dimba m'mphepete mwa damu, kapena amamwetsa ng'ombe pathawale, ayenera kumva nkhani ya sargassum, chomera chofiirira chimene chakhala chikukwirira magombe a nyanja ya Atlantic kuyambira 2011. Anthu a kumeneko alimbana nacho zaka zoposa khumi ndipo ataya ndalama zambiri. Zimene analakwitsa poyamba n'zomwezo zimene timachita ife tikaona zomera zoyandama zitatseka madzi: timadikira kuti zichuluke, timavuula osayeza, timaunjika pamtunda n'kuzisiya kuti ziwole, kenako timalengeza kuti tapeza manyowa aulere.

Sargassum ndi ndere zikuluzikulu za m'madzi amchere. Mitundu yake yambiri imamera itagwira mwala pansi pa nyanja, koma iwiri, Sargassum natans ndi Sargassum fluitans, imakhala ikuyandama moyo wake wonse. M'nthambi zake muli timipira ta mpweya, kukula ngati njere ya khobwe, timene timaisunga pamwamba pa madzi. Sidikira mbewu kuti ichulukane. Kanthambi kakathyoka kamakula n'kukhala chomera pachokha, ndipo ikapeza madzi ofunda ndi chakudya chokwanira imatha kuwirikiza kawiri m'milungu iwiri kapena itatu. Kwawo kwenikweni ndi dera lotchedwa Sargasso Sea, chakum'mawa kwa America kufupi ndi Bermuda, kumene amalinyero a Christopher Columbus anaiona mu 1492. Ikakhala pakati pa nyanja ilibe mlandu. Ndi nkhalango yobisalamo tinsomba, nkhanu ndi ana a akamba a m'nyanja.

Zinthu zinasintha mu 2011, pamene inayamba kuchuluka kum'mwera kwa dera lake lakale, pakati pa West Africa ndi Brazil. Mu Juni 2018 zithunzi za setilaiti zinaonetsa mkuwo wake utatalika makilomita 8,850, kuyambira ku West Africa mpaka ku Gulf of Mexico, wolemera matani oposa 20 miliyoni. Mu Meyi 2025 inapitirira matani 37 miliyoni. Akatswiri ambiri amaloza mphepo zachilendo za mu 2009 ndi 2010 zimene zinaikankhira kumalo atsopano. Itafika kumeneko inapeza chakudya: madzi achonde otumphuka kuchokera pansi pa nyanja, zotsika ndi mitsinje ikuluikulu monga Amazon, ndi fumbi la ku Sahara. Lero ikuvutitsa asodzi a ku Ghana, Sierra Leone ndi Nigeria, amene makoka awo amabwera atadzaza ndere m'malo mwa nsomba, komanso zilumba za Caribbean ndi gombe la Quintana Roo ku Mexico. Dziko la Barbados linalengeza mu 2018 kuti lili pangozi chifukwa cha ndere zimenezi.

Chimene chawathandiza kwambiri si makina ovuulira ayi, koma kudziwiratu. Chomera chilichonse chamoyo chimabweza kuwala kwina kumene maso athu saona, kotchedwa near-infrared, pamene madzi amakumeza. Kamera ya setilaiti imaona kusiyana kumeneko. Akatswiri a University of South Florida, motsogozedwa ndi Chuanmin Hu, amagwiritsa ntchito zithunzi zotere kuwerengera kuchuluka kwa sargassum, ndipo mwezi uliwonse amatulutsa lipoti lonena pamene ili ndi kumene ikulowera. Njirayi ili ndi malire ake. Mitambo ikaphimba, setilaiti siona kanthu. Kunyezimira kwa dzuwa pamadzi kumaisokoneza. Kufupi ndi gombe, matope ndi zomera za pansi zimaoneka ngati sargassum. N'chifukwa chake amadaliranso maso a asodzi, makamera oimikidwa pagombe, ndi anthu wamba otumiza zithunzi za pafoni zokhala ndi tsiku ndi malo.

Kudziwiratuko n'kofunika chifukwa nthawi imachepa. Sargassum ikafika pamtunda n'kuunjikana, pakatha masiku awiri imayamba kuwola mkati mopanda mpweya, ndipo imatulutsa ammonia ndi hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati dzira lowola. Mpweya umenewu umawawa m'maso ndi kukhosi, umabanikitsa anthu a mphumu, umadetsa zitsulo n'kuononga mawaya a mafiriji ndi ma TV m'nyumba za pafupi. Pazilumba za Martinique ndi Guadeloupe madokotala analemba anthu oposa 11,000 amene anadwala nawo m'miyezi 8 yoyambirira ya 2018. Madzi a pagombe amasanduka akhofi, mpweya umatha, nsomba zimafa. Amene anabweretsa mathirakitala kuti akokolole anapeza kuti akunyamula mchenga wambiri pamodzi ndi ndere, gombe likukokoloka, mazira a akamba akuphwanyika. Tsopano amayesetsa kuigwira ikadali pamadzi, ndi mipanda yoyandama ndi mabwato ovuulira. Ku Mexico ntchitoyi inaperekedwa kwa asilikali a pamadzi mu 2019.

Nanga akaivuula amaitani? Apa ndi pamene anthu ambiri anagwa mphwayi. Poyamba aliyense ankati fetereza, ankati chakudya cha ziweto. Atayeza ku labotale anapeza kuti sargassum imakoka poizoni wotchedwa arsenic m'madzi a m'nyanja n'kumusunga m'thupi mwake. Zoyesedwa pagombe la Mexico zinali ndi mamiligalamu 24 mpaka 172 pa kilogalamu iliyonse youma, ndipo zambiri zinapitirira mlingo wololedwa pachakudya cha ziweto. Muli mchere wambiri womwe umapha nthaka ukamathiridwa chaka ndi chaka. Ku Martinique ndi Guadeloupe imatolanso chlordecone, mankhwala akale a m'minda ya nthochi amene akadali m'madzi. Motero ntchito zimene zapita patsogolo n'zosalowa m'kamwa: njerwa zosakaniza ndi dothi monga zimene Omar Vázquez amaumba ku Puerto Morelos, mapepala, makala, gasi wophikira, ndi alginate, wokhuthalitsira zinthu m'mafakitale. Ngakhale zimenezi zimavutika ndi zinthu ziwiri. Kulemera kwake kochuluka ndi madzi okhaokha, ndiye kuinyamula n'kodula. Ndiponso sibwera mofanana. Chaka china imadzaza, china imachepa, ndipo fakitale siingayende ndi katundu wosadziwika tsiku lobwera.

Zathu za m'madamu

Ife sargassum sidzatifika, chifukwa simera m'madzi opanda mchere. Koma zoyandama tili nazo, ndipo mbiri yake m'dziko muno ndi yaitali. Salvinia molesta, imene ambiri amaitcha Kariba weed, inaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja ya Kariba mu 1962. Namasupuni, wochokera ku South America, wavutitsa mtsinje wa Kafue mpaka kupatsidwa dzina loti Kafue weed, ndipo kwa anansi athu ku Malawi wakhala akutseka makina amagetsi a pa Nkula mumtsinje wa Shire. Amene anafikako ku Mfuwe anaona mathawale a Luangwa atabiriwira ndi chomera chooneka ngati kabichi wamng'ono, Pistia stratiotes, mvuu zikutumphuka zitachisenza pamsana. Za m'paki n'za oyang'anira nyama zakutchire, sitizikhudza. Tikunena za madamu a m'midzi ndi m'mafamu, mathawale ndi maiwe a nsomba.

Choyamba dziwani chimene muli nacho, chifukwa si chobiriwira chilichonse chimene chili mdani. Namasupuni ali ndi masamba osalala onyezimira, mapesi otupa ngati siponji, mizu yakuda yolendewera, ndi duwa lapepo lokhala ndi kadontho kachikasu. Salvinia ili ndi timasamba tating'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, tokhala ndi ubweya pamwamba moti dontho la madzi limangogubuduzika, ndipo ikathithikana timasamba timapindika n'kulumikizana ngati unyolo. Pistia masamba ake ndi otuwa, aubweya, okhala ndi mizere. Azolla ndi kakang'ono kwambiri, kamayala ngati kapeti ndipo kamafiira kukazizira kapena dzuwa likakula. Kakombo, amene mizu yake ili m'matope ndipo masamba ake amagona pamadzi, ndi wathu wakalekale. Musiyeni.

Mukadziwa, yambani kulemba. Sankhani malo atatu kapena anayi kuzungulira damu, khomanipo zikhomo zolimba, ndipo tsiku limodzi pamlungu, nthawi yofanana, jambulani muli pachikhomo chomwecho, mutayang'ana mbali yomweyo. M'kabuku lembani tsiku, kumene mphepo ikuchokera, msinkhu wa madzi, gawo la damu lomwe laphimbidwa, ndiponso ngati maluwa aoneka. Msinkhu wa madzi muuwerenge pamtengo wozikidwa m'madzi wolembedwa mizere ya masentimita 10. Za mphepo musaziiwale. Zomerazi zimayenda, ndipo munthu woyang'ana mbali imodzi yokha angaganize kuti zatha pomwe zangosamukira kutsidya. M'miyezi yopanda mvula mphepo yathu imakonda kuchokera kum'mawa chakum'mwera, ndiye zimaunjikana kumadzulo chakumpoto kwa damu.

Amene ali ndi foni ya intaneti kapena kompyuta akhoza kuona damu lake kuchokera kumwamba kwaulere. Setilaiti za Sentinel-2 zimajambula malo amodzi masiku asanu alionse, ndipo zithunzi zake zili pa tsamba la intaneti lotchedwa Copernicus Browser. Kadontho kamodzi pachithunzi ndi mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, choncho damu la mahekitala awiri lili ndi timadontho 200, tokwanira kuona ngati kota kapena theka laphimbidwa. Sankhani mtundu wa chithunzi wotchedwa false colour: madzi amaoneka akuda, zomera zofiira. Kwa ife vuto ndi lomwe lija la ku Atlantic. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo imabisa zambiri, ndipo chithunzi sichisiyanitsa namasupuni ndi bango la m'mphepete. Pathawale laling'ono kapena padziwe la nsomba setilaiti ilibe ntchito. Zikhomo ndi kabuku zimaposa.

Kulemera kwake kuyezeni, musaganizire. Pangani chimango cha nsungwi, mita imodzi mbali zonse zinayi. Chiponyeni pamwamba pa zomerazo, vuulani zonse za mkati mwake, zisiyeni mudengu mphindi zisanu kuti madzi akhe, n'kuika pasikelo. Chitani malo asanu osiyana, othithikana ndi opyapyala omwe, muphatikize n'kugawa ndi 5. Tiyerekeze kuti mwapeza makilogalamu 20. Lima imodzi ndi masikweya mita 2,500, ndiye pa lima imodzi yophimbidwa pali matani 50. Namasupuni ndi madzi pafupifupi magawo 95 pa 100, kutanthauza kuti m'matani 50 amenewo zouma ndi matani awiri ndi theka basi. Pa makilogalamu 100 ouma, nayitirojeni amakhala pafupifupi makilogalamu awiri, kusintha malinga ndi madzi amene anakulira. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni makilogalamu 23. Kuti mufanane ndi thumba limodzilo mufunika matani oposa 20 a namasupuni wamuwisi, maulendo a ngolo oposa 40 ngati ngolo yanu imanyamula theka la tani. Masamu amenewa aliyense ayambe wawachita asanalonjeze gulu lake kuti fetereza sadzagulanso. Phindu lenileni la manyowawa ndi kufewetsa nthaka, kusunga chinyezi ndi potashi, makamaka m'minda yathu yamchenga yomwe yatopa ndi chimanga chaka ndi chaka.

Nthawi yabwino yovuulira ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi. Kuzizira kumachedwetsa kukula kwake, madzi ayamba kutsika, manja apumako kukolola, ndipo mapesi a chimanga ndi masangwe a nsawawa alipo ambiri. Mukadikira kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala mudzakhala mukuthamangitsana ndi chomera chimene chimatha kuwirikiza kawiri m'milungu iwiri. Gulu limene likuvuula zochepa kuposa zimene zikumera pamlungu likungopalira, ndipo lidzatopa osaona kusintha. Kabuku kaja ndi kamene kadzakuuzani ngati mukupambana.

Lolani mphepo ikugwirireni ntchito. Mangani mpanda woyandama ndi nsungwi zouma zolumikizidwa ndi chingwe, kapena chingwe chokhala ndi mabotolo apulasitiki otsekedwa pa theka la mita lililonse, ndipo pansi pake mulendeweretse ukonde wakale kapena masaka masentimita 30 mpaka 40, omangiriridwa timiyala. Popanda cholendewerachi zomera zimadutsa pansi mphepo ikakula. Musaugoneke mopingasa ndendende. Upendeketseni kuti zomera zizitsetsereka n'kukathera pakona imodzi pomwe pali posaya ndi pofika ngolo. Mpanda woimikidwa mopingasa umasenza katundu yense mpaka chingwe kuduka kapena zikhomo kuzuka. Wina waung'ono muzunguze nawo paipi ya pampu, ndipo wina muutchinge potulukira madzi damu likadzaza, kuti mvula ikabwera musatumize vuto kwa anzanu a kumunsi. Masikito musawagwiritse ntchito imeneyi. Ndi ogonamo, ndipo ali ndi mankhwala opha tizilombo ta m'madzi.

Vuulani muli pamtunda ndi leki kapena foloko yomangiriridwa ku nsungwi yaitali. M'mizu ya namasupuni mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, misundu ndi njoka, ndipo kumadera a kuchigwa ng'ona imabisala pansi pa zomera zotere. Valani majombo ndi magolovesi, manja a malaya akhale aatali chifukwa madzi a m'mapesi ake amayabwa. Ana asalowe m'madzi kukathandiza. Amene walowa n'kuona magazi mumkodzo pambuyo pake apite kuchipatala, mankhwala a praziquantel alipo. Za kupopera mankhwala opha udzu padamu lomwe anthu ndi ziweto amamwa, ife tikukana. Kuwonjezera pa poizoni, zomera zikafera pamodzi zimamira n'kuwolera pansi, mpweya umatha, ndipo m'mawa mudzapeza nsomba zikupuma pamwamba, zina zitatembenuka. Chonde chonse chimene zinamwa chimabwereranso m'madzi kukadyetsa zotsatira.

Zovuulazo musaziunjike mulu waukulu pagombe. Apa ndi pamene phunziro la masiku awiri lija likutikhudza. Mulu wonyowa umawolera mkati, umanunkha dzira lowola, ndipo madzi akuda otuluka pansi pake amatsikira m'damu. Ziyaleni mopyapyala, osapitirira chikhatho chimodzi, pamalo okwera amene madzi safika ngakhale damu litadzaza, ndipo muzitembenuze tsiku lililonse. Pakatha masiku anayi mpaka mlungu zimakhala zitafota n'kupepuka kwambiri, ndiye ngolo imanyamula zomera m'malo monyamula madzi. Ngati zinali ndi maluwa, dulani mitu yake muiumitse padera n'kuitentha. Njere za namasupuni zimatha kukhala m'matope zaka 20 zikadali zamoyo.

Kompositi yake

Ntchito imene timaikhulupirira kwambiri ndi kompositi, chifukwa zomerazi zimabweretsa chimene chimasowa m'chilimwe, ndicho chinyezi, pamene mapesi amabweretsa chimene zomerazi zilibe, ndiwo mipata ya mpweya ndi zouma. Pazokha zimasanduka phala lonunkha. Mapesi paokha amakhala chaka osawola. Pamodzi zimagwirizana.

Sankhani pamthunzi, kutali ndi chitsime ndi damu. Lembani malo a mita imodzi ndi theka mulifupi, mulitali monga mwa zomwe muli nazo. Pansi yalani timitengo kapena mapesi osadula masentimita 15 kuti mpweya uzilowa. Dulani namasupuni wofota ndi chikwanje m'zidutswa zotalika ngati chala, mapesi chimodzimodzi. Kenako sanjikizani: mapesi kapena masangwe masentimita 15, namasupuni masentimita 20, ndowe za ng'ombe kapena mbuzi masentimita 5, phulusa lowaza mopyapyala ndi dothi lakuda la pamwamba manja angapo. Ngati ndi zitosi za nkhuku chepetsani, n'zamphamvu. Bwerezani mpaka mulu ufike pachifuwa, osaupondaponda. Pakati zikani mtengo wosongoka, ndipo pamwamba phimbani ndi udzu kapena masamba a nthochi. Madzi musathire msanga. Tengani za mkati m'dzanja n'kufinya: zikatulutsa dontho limodzi kapena awiri zili bwino, zikachucha onjezani mapesi, zikayoyoka osagwirana wazani madzi pang'ono.

Patatha masiku atatu kapena anayi zulani mtengo uja muugwire. Uyenera kukhala wotentha moti simungaufumbate nthawi yaitali, ndi wonyowa pang'ono. Kutentha kumeneko, madigiri 55 mpaka 65, ndi kumene kumapha tizilombo ndi zomera zimene zikanaphukanso. Mtengo ukakhala wozizira, mulu ndi waung'ono, wouma kapena ndowe zachepa. Ukaoneka woyera ngati wawazidwa ufa, mkati mwauma kwambiri. Fungo la dzira lowola likutanthauza kuti madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa: phwasulani, sakanizani ndi zouma, mumangenso. Fungo lolasa m'mphuno ngati la mkodzo likutanthauza kuti nayitirojeni akuthawa, kawirikawiri chifukwa zitosi kapena phulusa zachuluka. Tembenuzani pakatha milungu iwiri kapena itatu, za kunja zilowe mkati, ndipo mubwereze kawiri. Musadabwe mulu ukatsika kufika theka. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala akuda, oyoyoka, onunkhira dothi la m'nkhalango. Mukamanga mu Julayi, mu Okutobala amakhala okonzeka kulowa m'maenje a gamphani mvula isanagwe, manja awiri odzaza padzenje lililonse.

Salvinia imachedwa kuwola kuposa namasupuni, ndiye ipatseni ndowe zambiri ndi nthawi yaitali. Ubwino wake siibala njere, koma kachidutswa kamodzi konyowa n'kokwanira kudzaza damu lina, choncho iume kaye ndithu isanachoke pamalo.

Musanathire munda wonse, yesani. Tengani zitini ziwiri zoboola pansi, china dothi lokha, china dothi losakaniza theka ndi theka ndi kompositi. Fesani njere 20 za repu m'chilichonse. Ngati za mu kompositi zamera zochepa kwambiri, kapena masamba akupsa m'mphepete, manyowawo sanapse kapena muli china choipa. Dikirani mwezi wina muyesenso.

Kuyesa kumeneku sikuona zonse, ndipo apa nkhani ya arsenic ija ibwerere m'maganizo. Namasupuni amamwa chilichonse chili m'madzi, zabwino ndi zoipa, moti m'maiko ena amamudzala dala kuti ayeretse madzi oipa. Wovuulidwa m'maiwe a zonyansa za m'zimbudzi, kumunsi kwa magalaji, malo otayira zinyalala, malo otsukira magalimoto kapena pomwe anthu amatsuka golide, akhoza kukhala ndi mtovu, mercury ndi zitsulo zina zimene kompositi sichotsa. Kutentha kumapha majeremusi koma chitsulo chimatsala. Woteroyo asapite kudimba la repu, chibwabwa kapena tomato, ndipo asapite kukhola. Akhoza kupita kumitengo ya matabwa ndi ya mthunzi. Gulu limene likufuna kugulitsa manyowa otere liyambe layezetsa ku labotale. Alangizi a zaulimi kapena a kumalo ofufuzira zaulimi ku Msekera angakuuzeni kotumiza ndi katengedwe kake.

Ntchito zina tingozitchula mwachidule chifukwa phindu lake ndi lochepa kuposa mmene anthu amanenera. Kuphimbira mabedi a m'dimba ndi zouma bwino kumasunga chinyezi, koma m'dimba la m'dambo lomwe limasefukira musayese. Ziweto zimadya namasupuni wa m'madzi oyera akafota, akadulidwa n'kusakanizidwa ndi gaga kapena udzu, koma akhale gawo lochepa la chakudya. Wamuwisi yekha amadzaza mimba ndi madzi ndipo amayabwa m'kamwa. Azolla ndiye wabwino kwa nkhuku, abakha ndi nsomba, chifukwa amakhala ndi tizilombo tokoka nayitirojeni mumpweya. Makala oumba amatheka: kuumitsa, kuwotcha mumgolo wotsekedwa, kusinja, kusakaniza ndi phala la chinangwa n'kuumba. Koma amasiya phulusa lambiri ndipo moto wake ndi wofooka pokhapokha mutasakaniza ndi makala a zitsononkho. Mu thanki ya gasi wa ndowe, zidutswa zimayandama n'kupanga chikhungwa chotseka pamwamba ngati simunazisinje. Mapesi aatali amalukika madengu ndi mphasa, koma akapanda kuumitsitsa amachita nkhungu mvula ikangoyamba.

Pali ngozi imodzi imene imabwera ndi phindu lomwe. Anthu akaona kuti chomera chili ndi ntchito amayamba kuchisunga, ena kuchinyamula chamoyo kukaika padziwe lawo, ena chifukwa cha duwa lake lokongola. Umu ndi mmene namasupuni anayendera dziko lonse lapansi. Chamoyo chisachoke pamalo. Bwato, ukonde, paipi ya pampu ndi matayala a ngolo zitsukidwe n'kuuma zisanapite kumadzi ena. Mukachiona koyamba pamalo pomwe panalibe, uzani anyakwawa, komiti ya damu ndi alangizi, uthenga ufike ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo muvuule tsiku lomwelo chikadali chokwana mudengu. Pamadzi aakulu njira yokhalitsa ndi tizilombo todya chomera chimodzi chokha, Neochetina pa namasupuni ndi Cyrtobagous pa salvinia. Tizilomboti timagwira ntchito pang'onopang'ono, zaka zingapo, ndipo kutibweretsa ndi udindo wa boma. Ngati masamba a namasupuni wanu ali ndi timabala tating'ono tokukutidwa pamwamba, tizilomboto tilipo kale, ndipo pamenepo kupopera mankhwala kumangosowetsa tizilomboto chakudya.

Ndipo funsani chimene chikudyetsa zomerazo. Damu la madzi oyera silidzaza msanga. Yang'anani khola lomwe lili pamtunda pa damu, chimbudzi chapafupi, malo ochapira, ndi madimba olimidwa mpaka m'madzi momwe fetereza amatsukikira. Kusiya lamba wa udzu kapena vetiva mamita angapo kuzungulira damu, kusuntha khola, ndi kumwetsa ng'ombe pamwera kunja kwa mpanda kumachepetsa chonde cholowa m'madzi.

Mukamaliza kuvuula, kabuku kaja musakatseke. Madzi akatsika mu Okutobala matope amakhala poyera, dzuwa limawawomba, ndipo mvula yoyamba ikawanyowetsa njere za namasupuni zimamera. Mbande zake sizifanana ndi chomera chachikulu. Zimayamba ndi timasamba towonda ngati udzu, zitazika m'matope, ndipo zimadzayandama pambuyo pake madzi akakwera. Kuyambira mvula yoyamba mpaka kumapeto kwa Januwale yendani m'mphepete mwa damu mlungu uliwonse ndi khasu ndi dengu, makamaka kumene mtsinje umalowera ndi pakona ija mphepo imaunjika zinthu.